Makala, majumbo ndi kasawala: yankho kwa mayi wa ku Area 25

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe, mphunzitsi wa pulayimale, wa ana atatu. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa monga anapempha eni ake.

"Alamu anga amene amakhala ku Leeds ku Britain anabwera kutchuthi n'kufikira kwathu. Tsiku lililonse sankasowa chonena. Makala akuti ndikutha nkhalango, majumbo akuti ndikuipitsa dziko, tinsomba ting'onoting'ono akuti ndikupha nyanja, za kaunjika akuti ndi zotaya za azungu. Iwo akuti kumeneko amagula tiyi ndi shuga wa Fairtrade kuti alimi a kuno apindule. Sindinawayankhe poti anali alendo, koma zandikhala mumtima. Kodi kugula zinthu moganizira chilengedwe ndi anthu anzathu kumathandizadi, kapena ndi zochita za anthu a ndalama? Ine ndi malipiro angawa ndingayambire pati?"

Zikomo mayi polemba. Pa zambiri alamu anuwo sananame. Pamene ndikusiyana nawo ndi pawiri. Zinayi zimene anatchulazo anazitenga ngati zofanana kukula, pamene china n'chachikulu kuposa zinzake zonse kuphatikiza pamodzi. Komanso sanafunse kuti munthu akasiya ichi agwira chiti. Ku Leeds munthu akakana tiyi uyu, dzanja lake limangosuntha pang'ono pa shelefu yomweyo n'kutenga wina. Ku Area 25 mukakana makala, ana agona ndi njala. Kugula mosamala kumathandiza, koma kumathandiza pamene pali china cholowa m'malo, ndiponso pamene mthumba muli kanthu. Pamene ziwirizi palibe, mlandu si wanu, ndipo musalole munthu kukusenzetsani.

Tiyambe ndi chachikulucho, thumba la makala.

Uvuni wa dothi umene owotcha makala ambiri amaumba kunkhalango umadya mitengo yambiri n'kutulutsa makala ochepa. Kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala, pamapsa makilogalamu a nkhuni kuyambira 6 mpaka 10, kutengera luso la wowotchayo ndi kuuma kwa mitengoyo. Ndiponso si mtengo uliwonse umene umalowa mu uvuni. Inu nomwe mukafika pa msika mumatola khala n'kulimva kulemera kwake. Mumafuna la mombo, la mtondo kapena la tsanya, lokhalitsa pa mbaula, lopepuka mumalikana kuti lingothetheka n'kusanduka phulusa nsima isanapse. Imene mumaifunayo ndi mitengo yachilengedwe, yotenga zaka zambirimbiri kuti ikule, ndipo palibe amene anaidzala.

Makala ambiri a mu Lilongwe akhala akuchokera ku Dzalanyama. Ku Dzalanyama komweko ndi kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a mumpopi wanu. Mu 2015 zinthu zinafika poipa mpaka asilikali a boma anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo. Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula silowa pansi. Imathamanga ndi dothi kukalitaya mu damu, ndipo chilimwe chikafika mtsinje umaphwa msanga. Choncho makala amene akuoneka otchipa lero, mbali ina ya mtengo wake mumadzailipira pa bilu ya madzi ndi pa masiku amene mpopi wangoti zii.

Kummwera nkhani yake ndi yomweyo, kungoti kumeneko ikukhudza magetsi a dziko lonse. Amene anadutsapo pa Zalewa amawadziwa matumba aja amandanda m'mbali mwa msewu, ochokera ku Neno, ku Mwanza ndi kutsidya kwa malire ku Mozambique. Dothi lokokoloka m'madera amenewo limakathera mu Shire, n'kukaunjikana ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira kumene EGENCO imapangira magetsi. Makina akatsamwa ndi matope, magetsi amayamba kuthimathima. Magetsi akathima, ngakhale bwana wa ku Area 10 amatumiza mnyamata kukagula makala. Makala akamayenda malonda, mitengo ina imagwa, dothi lina limakokoloka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka kwa nthawi yoposa chaka. Amene anali atagula mbaula zamagetsi ndi mtima wofuna kusiya makala anazitsekera m'kabati n'kubwerera ku makala omwewo. Iwowa anachita mbali yawo, chimene chinawagwetsa si kuuma mtima ayi.

Pa kalembera wa 2018, nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse ndi zimene zinali ndi magetsi, ndipo zophikira magetsi zinali ziwiri zokha mwa 100. Ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 imanena kuti mabanja 97 mwa 100 amaphikira nkhuni kapena makala. Mukamva chiwerengero chotere, dziwani kuti vuto si khalidwe la mayi mmodzi wa ku Area 25. Dziko lonse silingakhale la anthu osaganiza.

Ndiye pali munthu amene sitikonda kumutchula tikamakamba za nkhalango, wowotcha makalayo. Kafukufuku wina wa mu 2007 anapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba oposa 6 miliyoni pa chaka, ndipo anthu pafupifupi 92,800 ankadyera m'malondawa. Kuchokera nthawi imeneyo mizindayi yakula kwambiri. Bambo amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kuchokera ku Dzalanyama, kulowa mtauni kusanache, sachita zimenezo chifukwa chodana ndi mitengo. Chimanga chinatha m'nkhokwe, feteleza anakwera, mwana akufuna fizi. Ndalama yeniyeni amadya ndi a magalimoto akuluakulu, ndi aja amalandira kangachepe pa rodibuloko kuti ayang'ane kumbali. Mu 2020 lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa, zilango zinakwera, magalimoto onyamula makala opanda chilolezo anayamba kulandidwa. Zinathandizako, koma amene amagwidwa kawirikawiri ndi wa njingayo, poti sangathawe ndipo alibe womuimbira foni. Anthu onse a mtauni atati asiye makala mawa lino, nkhalango zingapume, koma m'midzi yambiri mungalowe njala yoopsa. Amene amalalikira za kugula mosamala samakonda kufika pamenepa. Ubwino wake umagwera tonse, pang'onopang'ono, patapita zaka. Ululu wake umagwera wosauka, lero lomwe.

Makala ovomerezeka alipo. Kampani ya Kawandama Hills ku Viphya inalandira chilolezo mu 2015 chowotcha makala kuchokera ku mitengo ya bulugama yodzala yokha, ndipo pambuyo pake ena analandiranso zilolezo. Aliponso makala oumba, aja amati mabriketi, opangidwa ndi utuchi, makoko a mtedza kapena madeya a mpunga. Mukawapeza pafupi ndi kwanu pa mtengo umene mungakwanitse, gulani, ndalama yanu ipite kwa munthu amene akudzala mitengo. Kungoti onsewa kuwaphatikiza ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi makala amene Lilongwe amatha pa tsiku, ndipo sapezeka pa kamsika ka kuseri kwa nyumba pamene mungatume mwana madzulo.

Nanga gasi? Gasi ndi wabwino: alibe utsi, sadetsa mapoto, ukayatsa wayatsa, ukathimitsa wathimitsa. Vuto lake ndi khomo lolowera. Silinda, chotsegulira chake, paipi ndi mbaula yake zimafuna ndalama nthawi imodzi, pamene makala mungagule kajumbo kamodzi ka lero lokha. N'chifukwa chake wosauka amalipira zambiri pa moto kuposa wolemera: kajumbo ka tsiku ndi tsiku, mukakawerengera pa mwezi, kamaposa thumba logula kamodzi, ndipo nthawi zina kamaposa ngakhale gasi. Kuonjezera apo gasi amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse mtengo wa gasi unkatsatira. Ndalama zakunja zikasowa gasi naye amasowa, anthu n'kumandanda ndi masilinda opanda kanthu.

Langizo langa ndi loti musaganize zosiya makala kotheratu, ganizani zochepetsa. Apa ndi pamene kusamala chilengedwe ndi kusamala chikwama chanu zimayendera limodzi, ndipo ndi pokhapo pamene ndimalimba mtima kuuza munthu wa malipiro a uphunzitsi kuti ayambirepo. Ngati mbaula yanu ndi ija ya chitsulo chokhachokha, yoboola m'mbali, ichotseni mugule ya dongo mkati. Dongolo limasunga kutentha, ndipo thumba limene limatha masabata atatu likhoza kufika mwezi. Nyemba muzinyike m'madzi usiku, zimapsa msanga. Poto azikhala wovundikira. Mukamaliza kuphika, makala otsala muwazimitse ndi mchenga kapena muwatsekere m'chitini, musawasiye anyeke okha mpaka kusanduka phulusa. Konzani zophika zonse musanayatse moto, kuti ndiwo zikaphulidwa nsima ikhalepo pomwepo, madzi osamba atsatire. Zimenezi amayi athu ankazidziwa kale, zinangoiwalika pamene makala anali otchipa.

Ngati muli mu banki m'khonde kapena chipereganyu ndi aphunzitsi anzanu, ulendo wanu ukafika gulani silinda yaing'ono. Gasiyo azigwira ntchito zachangu, tiyi ndi phala la ana m'mawa, mazira, kutenthetsa ndiwo, pamene kuyatsa mbaula yonse kumangotaya makala. Nyemba ndi nyama yolimba zizipita pa makala, kapena pa pressure cooker yamagetsi ngati magetsi alipo, poti imeneyo imadya mayunitsi ochepa modabwitsa. Ndipo ngati alamu anu nkhalango zikuwawawadi mumtima, auzeni mwaulemu kuti silinda ndi mbaula ya gasi ndi mphatso imene mungailandire ndi manja awiri. Kwa munthu wolandira mapaundi si ndalama yoti n'kugona nayo tulo tochepa.

Mwina adzakuuzani kuti gasi nayenso ndi mafuta ochokera pansi, amawonjezera kutentha kwa dziko. N'zoona. Koma mpweya woipa wochokera ku mafuta umene Mmalawi mmodzi amatulutsa pa chaka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani, pamene munthu wa ku Britain amatulutsa matani oposa 4. Ulendo umodzi wa pandege kuchoka ku London kufika ku Lilongwe ndi kubwerera umaposa zimene Mmalawi wamba amatulutsa pa zaka 10. Sindikunena izi kuti mukawanyoze alendo, abale ayenera kuyenderana. Ndikungofuna kuti mudziwe kukula kwa gawo lanu pa nkhani ya kusintha kwa nyengo: ndi laling'ono zedi. Chifukwa chanu chochepetsera makala chili pafupi, ndi madzi a mumpopi, magetsi, ndi mapapo a mwana wanu wamkazi amene amakupiza moto. Pamenepa ndionjezepo mawu amodzi: kuzizira kwa Juni ndi Julaye kusakunyengeni kulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo. Mpweya wa makala sununkha, ndipo chaka chilichonse umapha anthu ali mtulo.

Za majumbo ndiyankha mwa kukufotokozerani mbiri yake, chifukwa imaonetsa bwino malire a mphamvu ya wogula. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikiloni 60, mu 2015. Makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti n'kuimitsa chiletsocho. Mlandu unakoka mpaka pa 31 Julaye 2019 pamene khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletso chiime. Ngakhale apo nkhani sinathe, makampani ena anapitiriza kutenga ziletso zina za khoti, ndipo zaka zinapita majumbo akupangidwabe. Mmodzi mwa amene analimbana nazo ndi Gloria Majiga-Kamoto, amene anadzidzimuka ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya mapulasitiki, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Goldman, yopatsidwa kwa omenyera chilengedwe, chifukwa cha ntchitoyi. Pa zaka zonsezo panali anthu amene ankapita ku msika ndi dengu, n'kumakana jumbo. Anachita bwino, koma fakitale sinatseke chifukwa cha iwo. Chimene chinasuntha zinthu ndi lamulo, makhoti, ndi anthu amene anaguba m'misewu, kulemba m'manyuzipepala ndi kusalola kuti mlandu uiwalike. Wogula mmodzi kulimbana ndi fakitale yotulutsa majumbo usana ndi usiku kuli ngati kuphwetsa dambo ndi chipande.

Izi sizikutanthauza kuti musanyamule dengu. Nyamulani, silikudyerani ndalama, ndipo ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yanu ikatsekeka ndi majumbo, madzi a dzinja amalowa m'nyumba mwanu, osati mwa mwini fakitale. Koma musakagule chikwama chatsopano cha nsalu cholembedwa mawu okoma a zachilengedwe pofuna kuonetsa kuti mwasintha. Thonje nalo limadya madzi ndi mankhwala, ndipo chikwama chotero chimafunika kuchigwiritsa ntchito kambirimbiri kuti chiposedi jumbo. Chikwama chabwino ndi chimene muli nacho kale, dengu la nsungwi, basiketi ya mlaza, kapena thumba la shuga losokedwa zogwirira. Choipa kwambiri chimene timachita ndi majumbo, chimene alamu anu mwina sanachione, ndi kuyatsira mbaula. Utsi wakuda uja ndi poizoni, ndipo amene amaupuma ndi mwana amene wawerama kuuzira moto. Chimodzimodzi kuvundikira mpunga kapena nsima yotentha ndi jumbo. Ziwirizi mungazisiye lero osataya tambala. Koma mayi wogulitsa mandasi, thobwa kapena mafuta ophikira oyeza pang'onopang'ono musamukalipire. Pulasitiki yokhuthala ndi yodula, ndipo phindu lake pa tsiku ndi lochepa kale.

Pa nsomba mpamene wogula ali ndi mphamvu yeniyeni, koma alamu anu anasakaniza zinthu. Si nsomba yaing'ono iliyonse imene ili mwana. Usipa ndi matemba ndi ang'ono ngakhale atakula, amaswana msanga, ndipo ndi chakudya chabwino kwa ana poti amadyedwa ndi minga yomwe. Idyani mopanda mantha. Vuto ndi kasawala, ana a chambo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, n'kukatitulutsa m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja, m'mabango. Kumeneko ndi kumene khoka la maso ang'onoang'ono, nthawi zina losokereredwa neti ya udzudzu, limakokolola zonse. Lamulo limaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, ndipo chaka chilichonse kuyambira mu Novembala makoka amaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuti nsomba ziswane. Nyanja ya Malombe inali yodzaza chambo m'zaka za m'ma 1980, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za zachilengedwe pa dziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha.

Chifukwa chimene ndikuti apa muli ndi mphamvu n'choti cholowa m'malo chili pa benchi yomweyo. Mukakana mulu wa kasawala, pambali pake pali usipa, utaka, mlamba, pa mtengo wosasiyana kwenikweni. Simukutaya kanthu, ndipo wogulitsayo akabwerera nako kangapo adzauza amene amamupikulitsa kuti kasawala sakuyenda. Chambo chachikulu cha mazira m'miyezi yotseka nyanja nachonso chisiyeni, ngati mwachilakalaka funsani choweta, cha m'makhola a ku Mangochi kapena cha m'madamu. Komabe ngakhale pamenepa, chimene chateteza nsomba kwambiri si ogula. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka chilumbacho nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, asodzi onse n'kusamuka, ndipo mpaka lero utaka wa ku Mbenje ndi wotchuka kukula kwake. Kumeneko lamulo ndi la eni dera, ndipo amene walakwa amadziwika ndi dzina.

Tibwere ku tiyi ndi shuga wa alamu anu. Fairtrade, chizindikiro cha pa paketi chosonyeza kuti malondawo akupindulira alimi, si bodza. Alimi a nzimbe a Kasinthula ku Chikwawa analowamo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo pa tani iliyonse ya shuga yogulitsidwa m'njira imeneyi pamabwera madola 60 oonjezera. Ndalama zimenezo zakumba mijigo, zakoka magetsi m'midzi ndi kuthandiza pa chipatala. Ku Mulanje, alimi ang'onoang'ono a tiyi a Sukambizi, amene amagulitsa masamba awo ku esiteti ya Lujeri, amangira milatho ndi zipinda zophunziriramo ndi ndalama zotere, zimene pa tiyi zimakhala masenti 50 a dola pa kilogalamu. Chokoma chake n'choti alimi eni ake ndi amene amakhala pansi n'kugwirizana chochita ndi ndalamazo.

Koma chizindikiro cha pa paketi sichinena zonse. Gulu la alimi likhoza kukhala ndi satifiketi, kulipira ndalama zoyenderedwa chaka ndi chaka, kutsatira malamulo onse, koma n'kugulitsa gawo lochepa chabe la zokolola pa mtengo wa Fairtrade, chifukwa ogula a mtundu umenewo ndi ochepa. Zotsalazo zimapita pa mtengo wa msika, monga za wina aliyense. Wothyola tiyi pa esiteti malipiro ake akhala otsika kwa nthawi yaitali, mpaka mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe monga Oxfam anayambitsa ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipirowo kuti afike pokwanira moyo wa munthu. Anakwerako, koma sanafike. Ndipo chingwe chonse chimagwiridwa kutali. Mu 2017 sitolo yaikulu ya Sainsbury's ku Britain inachotsa chizindikiro cha Fairtrade pa tiyi wake wina n'kuikapo chakechake chotchedwa Fairly Traded, chimene chinafuna kuti alimi azipempha kaye ku komiti ya ku London asanagwiritse ntchito ndalama zawo zomwe. Alimi a tiyi a kuno ku Africa anadandaula poyera, koma wogula wa ku Leeds poona mawu ofanana pa paketi sakanadziwa kuti china chasintha. Ndiye alamu apitirize kugula tiyi wawoyo, ndi bwino kuposa kusagula. Asangoganiza kuti akatero ngongole yonse yatha.

Fodya akuonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Mu Novembala 2019 boma la America linaimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito m'minda. Makampani ogula fodya anachita kuthamanga kukaonetsa umboni kuti akukonza zinthu, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwe wa matenanti m'malamulo a ntchito. Zimene mabungwe anakhala akulira kwa zaka zambiri zinayamba kuyenda wogula wamkulu mmodzi atatseka chitseko. Wogula wamkulu, osati wosuta ndudu mmodzimmodzi.

Pa kaunjika pokha ndiye sindigwirizana nawo alamu anu n'komwe. Kuvala chovala chimene wina anavalapo ndi chimene anthu osamala chilengedwe ku Ulaya akudzitama nacho masiku ano, amakagula m'masitolo a zachifundo n'kumajambulitsa pa Instagram. Inu mwakhala mukuchita zimenezo moyo wanu wonse popanda wokuomberani m'manja. Malaya a kaunjika olimba amaposa atsopano otchipa amene amasuluka ndi kung'ambika mukawachapa kawiri. Chimene kaunjika wapweteka ndi ntchito. Thonje la ku Balaka, ku Salima ndi ku Chikwawa lambiri limatuluka m'dziko lisanasanduke nsalu, ndipo fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene kale inkalemba anthu masauzande, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Kaunjika si yekha anaigwetsa, koma analipo. Kukonza zimenezi si ntchito ya mayi wosankha madiresi a ana pa mulu. Dziko la Rwanda linayesa, linakweza msonkho wa zovala zakale, ndipo mu 2018 America inalilanga polichotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko mopanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lolola katundu wa ku Africa kulowa mopanda msonkho. Pamenepo mpamene pali nkhondo yake, pakati pa maboma.

Kuno tinayesako ndi ndondomeko ya Buy Malawi imene inakhazikitsidwa mu Malichi 2016, ogwira ntchito m'boma n'kuyamba kuvala za chitenje Lachisanu. Matelala anapeza ntchito, ndipo chimenecho n'chabwino. Koma zitenje zambiri za m'misika yathu zimachokera ku Tanzania, ku China ndi ku India, kotero chimene chili cha kuno pa malaya a Lachisanu nthawi zambiri ndi msoko wokha. Ngati mukufuna kuti ndalama yanu ya zovala itsale pafupi, njira yachidule ndi telala wa pakhonde la golosale: yunifolomu ya ana asoke iyeyo, zipi ikafa aikepo ina, buluku la wamkulu alichepetse livalidwe ndi wotsatira. Pogula chitenje, funyululani m'mphepete muwerenge kumene chinapangidwa, poti cha kampani ya Mapeto ya ku Blantyre chimapezeka, ndipo wogulitsa sangakuuzeni ngati simunafunse.